Mbedza ya nthenga ndi waya wa m'koyilo: mbiri ya owedza trout

 Ya lero ndi yaitali ndithu, ndiye amene foni yatsala pang'ono kuzima ayambe watchaja. Tikamba za nsomba imene m'nyanja muno mulibe, dzina lake trout, ndi anthu amene anatha zaka mazanamazana akuphunzira kuinyenga ndi nthenga ya tambala.

Ndikudziwa wina wafunsa kale kuti nsomba ya azungu ikutikhudza pati ife a usipa ndi utaka. Pirirani mufike kumapeto. M'mbiri imeneyi muli funso lomwe lili pa gombe lililonse masiku ano: nsomba ikavuta kugwira, msodzi amatani? Yankho lathu timalidziwa. Timachepetsa maso a ukonde, timawonjezera nyali, timagula injini yokulirapo, ndipo injinizo zikafa zimabwera kwa ife amakaniko. Koma kunali anthu ena amene nsomba itawavuta anakhala pansi m'mbali mwa mtsinje n'kuyamba kuiyang'anitsitsa: ikudya chiyani, ikuona bwanji, ikuthawa chiyani. Luso lonse la mbedza ya nthenga linachokera pamenepo.

*Nsomba yake ndi mtsinje wake*

Trout ndi nsomba ya madzi ozizira, pachibale ndi salmon. Ya ku Ulaya ndi yofiirira, ya mawangamawanga akuda ndi ofiira. Kaumbidwe ka thupi, yerekezani mpasa kapena sanjika. Madzi akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, ikakhalitsa m'madzi a 25 imafa, chifukwa madzi otentha sasunga mpweya wokwanira. Nyanja yathuyi pamwamba pake pamakhala pa 23 kupita m'mwamba, ndiye trout muno singakhale.

Kummwera kwa England kuli mitsinje itatu imene muimve kwambiri m'nkhani ino: Test, Itchen ndi Avon. Pansi pa dera limenelo pali mwala woyera wofewa wa choko. Mvula imalowa m'mwalamo, imasefeka pang'onopang'ono, n'kudzatuluka ngati akasupe, madzi oyera mbee, ozizira pafupifupi madigiri 10 chaka chonse. Mitsinjeyi sidzaza mwaukali ngati Linthipe m'dzinja, imangoyenda mwa phee. Udzu wa m'madzi ndi wambiri, tizilombo n'tambiri, nsomba zake n'zokhuta. Nsomba yokhuta, m'madzi oyera, ili ndi nthawi yoyang'ana nyambo yako kawiri isanatsegule kukamwa.

Chilimwe chawo ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi imene ife mwera ukutikantha. Kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni m'madzimo mumatuluka tizilombo tikulutikulu touluka totchedwa mayfly. Zimakhala ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Trout zimapenga nato, moti masabata awiri amenewo ngakhale wophunzira kumene amagwira. Tikatha, ntchito yeniyeni imayamba. Madzi amatsika, amayera kuposa kale, dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo nsomba zotsala ndi zija zinailawapo mbedza n'kupulumuka. Ukangolakwitsa phazi, umangoona kamthunzi kakulowa pansi pa udzu, basi yapita.

Kawedzedwe kake n'kosiyana ndi kathu. Ife timakola nyongolotsi kapena kausipa pa mbedza, timamanga kamtovu, n'kuponya. Iwo pa mbedza amamangapo nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo. Pachingerezi amati fly, ine muno ndizingoti nyambo ya nthenga. Kanthu kameneka n'kopepuka kwambiri; tayesani kuponya nthenga ya nkhuku muone pamene igwere. Ndiye kulemera anakuika m'chingwe. Msodzi amakupiza ndodo kumbuyo ndi kutsogolo, chingwe chimatambasuka m'mwamba ngati chikwapu cha pa ngolo, n'kunyamula nyamboyo mamita 10 kapena 15 n'kukaitula pamadzi mosachita phokoso. Kunsonga kwa chingwecho kumakhala kaulusi kopyapyala kosaoneka bwino m'madzi.

*Ubweya wofiira wa ku Macedonia*

Nkhani yakale kwambiri yofotokoza bwino luso limeneli inalembedwa cha m'ma 200 Yesu atabadwa, ndi Mroma wina dzina lake Aelian. Iye analemba za mtsinje wa Astraeus ku Macedonia, pakati pa Beroea ndi Thessalonica, mizinda ija anayendamo Paulo. M'mtsinjemo munali nsomba za mawangamawanga zimene zinkadya kachilombo kouluka pamwamba pa madzi. Asodzi a m'deralo anaona kuti kachilomboko ukakagwira ndi dzanja mtundu wake umafwifwa, mapiko amafota, nsomba osakafunanso. Ndiye anakulunga ubweya wofiira pa mbedza, n'kumangapo nthenga ziwiri za pakhosi pa tambala. Ndodo yawo inali yosakwana mamita 2, chingwe chimodzimodzi. Taonani pamene zinayambira: munthu anaona chimene nsomba ikudya, anaonanso chimene ikukana.

Ku England, mu 1496 munasindikizidwa kabuku kotchedwa Treatyse of Fysshynge wyth an Angle. M'menemo muli nyambo za nthenga 12 zogawidwa malinga ndi miyezi, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, kusonyeza kuti anali atadziwa kale kuti mwezi uliwonse uli ndi kachilombo kake. Chingwe ankapota ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi, mbedza ankasula okha kuchokera ku singano. Mu 1653 Izaak Walton anatulutsa The Compleat Angler, ndipo mu 1676 mnzake Charles Cotton anawonjezeramo gawo la nyambo ya nthenga. Cotton ankawedza mu Dove, mtsinje wa madzi oyera, ndipo langizo lake lalikulu linali loti m'madzi otere ulusi uzikhala wopyapyala, msodzi aziima patali.

*Munthu amene anamangira nsomba kakhumbi*

Chifukwa chake choimira patali anadzachifotokoza bwino ndi Alfred Ronalds. Mkuluyu anamanga kakhumbi kolendewera pamwamba pa mtsinje wa Blithe ku Staffordshire, mazenera ake otchinga ndi nsalu, kuti aziona trout izo osamuona. Ankakhala m'menemo maola ambiri. Anauza mnzake awombe mfuti pafupi, moto wake utabisika, ndipo nsomba imene ankaiyang'ana sinasunthe. Anaiponyera ntchentche zopaka tsabola, inangomeza. Koma kanthu kakangoyenda m'mwamba, yathawa. Mu 1836 anatulutsa buku, The Fly-fisher's Entomology, lokhala ndi zithunzi za mitundu: uku kachilombo kenikeni, uku nyambo yofanana nako.

M'buku lomwelo anajambula mmene nsomba imaonera kunja. Mukaviika nkhafi m'madzi imaoneka ngati yathyoka, si choncho? Kuwala kumapindika polowa m'madzi. Chifukwa cha zimenezi nsomba imaona dziko lakunja kudzera pa bwalo lozungulira limene lili pamwamba pake, ngati zenera. Kunja kwa bwalolo madzi amakhala ngati galasi loonetsa pansi. Nsomba ikatsika, zeneralo limakula. Inu amene mumamira kukakola ukonde pa miyala, mukayang'ana kumwamba madzi ali bata, bwalo limeneli munaliona. Chinthu chachitali, munthu woimirira, ndodo yokwezedwa, shati yoyera, chimaonekera m'mphepete mwa zeneralo. Chinthu chachifupi chimasokonezeka, sichioneka bwino. N'chifukwa chake mpaka lero mudzaona bwana wa ndalama zake akukwawa ndi maondo m'udzu ngati mwana wosaka ziwala.

Mfuti ija isakupusitseni kuti nsomba n'zogontha. Phokoso la m'mwamba sililowa bwino m'madzi, koma kugunda kwa phazi pa gombe kumadutsa m'nthaka n'kufika. Nsomba ili ndi makutu a m'kati mwa mutu, ilinso ndi mzere wa m'mbali mwa thupi umene umamva madzi akagwedezeka. Amene munamenyapo madzi kupirikitsira chambo m'matchera, izi si zachilendo kwa inu.

Mu 1857 W. C. Stewart wa ku Scotland anawonjezera mfundo ina m'buku lake The Practical Angler. Trout imaima mutu utaloza kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chibwere chokha. Ndiye m'madzi oyera a chilimwe msodzi alowere kumchira kwake, aponye chokwera mtsinje, nyambo ibwerere ndi madzi. Anthu ambiri nthawi imeneyo ankawedza chotsika, akuonekera kwa nsomba iliyonse imene akuifuna.

*Halford ndi nyambo yoyandama*

Tsopano tifike pa Test. Frederic Halford, wobadwa mu 1844, anali munthu wachuma, moti pa zaka 45 anasiya bizinesi kuti azingowedza ndi kulemba. Mu 1879 anakumana ndi katswiri wina, George Selwyn Marryat, m'sitolo ya zida zowedzera ku Winchester, ndipo awiriwa anatha zaka akugwira tizilombo, kutiyang'ana pa galasi lokulitsa, n'kumamanga nyambo zofanana nato. Mabuku a Halford a mu 1886 ndi 1889 ndi amene anayala njira imeneyi poyera.

Nyambo yoyandama sanaiyambitse ndi iye, inalipo kale, koma iye anaikonza n'kukhala dongosolo. Usaponye chiponyeponye. Yenda pang'onopang'ono mpaka uone nsomba imodzi ikudya pamwamba, madzi akupanga kabwalo. Yang'ana kachilombo kamene ikudya. Sankha nyambo yofanana nako, youma, uitule patsogolo pa nsombayo, iyandame mapiko ali chilili.

Mdani wamkulu apa ndi kukokeka kwa nyambo. Mtsinje suyenda liwiro limodzi: pakati umathamanga, m'mbali umachedwa. Chingwe chikagona pa madzi othamanga chimakoka nyambo, n'kumalemba kamzere pamadzi. Kachilombo kenikeni sikachita zimenezo, ndipo trout ya mu Julayi imadziwa. Ndiye anaphunzira kuponya chingwe chokhotakhota, kuti pamene chikuwongoka nyambo ikhale itadutsa kale pamphuno pa nsomba.

Zida nazo zinasintha, ndipo ife okonda zitsulo apa timamvetsera. Ndodo ankapanga ndi nsungwi yong'amba, timizere 6 tosema bwino n'kumata pamodzi. Chingwe chinali cha silika chonyika m'mafuta kuti chilemere ndi kuboola mphepo. Kaulusi ka kunsonga kankachokera m'thupi la mbozi ya silika, kambiri kochokera ku Spain, ndipo kankafunika kunyika m'madzi kaye, apo ayi kamaduka pomanga mfundo. Nayiloni anadzabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Mbedza zinayamba kukhala ndi diso lomangirapo. Kuti nyambo isamire ankaipaka parafini, yemweyu wa m'nyali.

Mpaka pano zonse zinachokera m'maso. Vuto linayamba pamene njira inasanduka lamulo. Mitsinje imeneyi inali ndi eni ake. Ufulu wowedza unkagulidwa kapena kubwerekedwa ndi magulu a anthu olemera, monga Houghton Club ya ku Stockbridge imene inayamba mu 1822 ndipo ilipobe. Mmphawi wa m'mudzi womwewo akapezeka ndi trout ankatengedwa ngati mbala. Pakati pa mabwanawo panakhazikika chikhulupiriro chakuti munthu waulemu wake amawedza ndi nyambo yoyandama basi. Nsomba ikapanda kudya pamwamba, khala pa benchi udikire, ngakhale tsiku lonse. Woponya nyambo yomira ankamuyang'ana ngati mmene timamuyang'anira munthu wa katupe.

*Loya wa kasipuni*

G. E. M. Skues anali loya ku London. Kuyambira 1883 ankawedza pa Itchen, pamalo otchedwa Abbots Barton pafupi ndi Winchester. Masiku otentha ankaona chinthu chimene anzake ankachionanso koma osachilabadira: nsomba ikuyenda uku ndi uku pansi pang'ono pa madzi, madzi akutukumuka, kukamwa kukuyera, koma pamwamba osatola kanthu. Nyambo yoyandama ikadutsa, osaiyang'ana n'komwe.

Skues anatenga kasipuni katali koonda, kamene azungu ankachotsera mafuta a m'fupa, n'kumakalowetsa kukhosi kwa trout imene wapha. Zotulukazo ankaziika m'mbale yoyera ya madzi kuti zimasuke. Zambiri zinali timphutsi, ana a tizilombo touluka tija tisanamere mapiko. Kachilombo kotere kamakhala m'madzi miyezi yambiri, ena mpaka zaka ziwiri, koma kouluka kamakhala tsiku limodzi kapena awiri. Nsomba ingadikire tsiku limodzilo chifukwa chiyani?

Ife izi tili nazo pakhomo. Nkhungu ikafuka ngati utsi pakati pa nyanja timati yabwera lero. Koma kamphutsi kake kakhala m'madzi masabata ambiri, masana kamatsikira kozama, usiku kamakwera, ndipo ndunduma ndi usipa zimakadya kasanaone dzuwa. Chimene timaona m'mwamba ndi zotsala chabe.

Ndiye Skues anayamba kumanga nyambo zofanana ndi timphutsito, n'kumaponya chokwera mtsinje kwa nsomba imodzi imene akuiona, monga momwe Halford ankachitira, kusiyana kwake n'koti yake inkamira pang'ono. Analemba zimenezi mu Minor Tactics of the Chalk Stream mu 1910, ndi The Way of a Trout with a Fly mu 1921. Chodabwitsa n'choti Halford nayenso ankatumbula nsomba, ndipo ankadziwa kuti chakudya chambiri cha trout n'cha pansi. Komabe m'buku lake la mu 1913 anakana kuti nyambo yomira ikhale ndi malo pa mitsinje ya choko. Anamwalira mu 1914, otsatira ake n'kuumitsa lamulolo kuposa mwini wake.

Mu Febuluwale 1938 gulu la Flyfishers' Club ku London linachititsa mtsutso pa nkhaniyi. Ambiri olankhula anatsutsa Skues, yemwe anali pafupi kukwanitsa zaka 80. Chaka chomwecho, atatopa ndi kukangana ndi anzake a pa Abbots Barton, anachoka pa mtsinje umene anawedzapo zaka zoposa 50. Anatulutsa buku lina mu 1939, anamwalira mu 1949. Lero pa mitsinje yambiri ya choko nyambo ya kamphutsi ndi yololedwa, kawirikawiri kuyambira pakati pa chilimwe, nthawi yeniyeni imene iye ankanena. Mtsutso anaupambana ndi ochuluka, koma za m'mimba mwa nsomba sizinasinthe.

*Mlonda wa mtsinje ndi waya wa kopa*

Amene ndimamukonda ine m'mbiri yonseyi ndi Frank Sawyer. Anabadwa mu 1906 ku Bulford, m'mbali mwa Avon, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Kuyambira 1928 analembedwa ntchito yosamala mtsinje ku Netheravon, makilomita pafupifupi 10 amene ankawedzamo akuluakulu a asilikali. Ntchito yake inali kumweta udzu wa m'madzi m'chilimwe, kukonza magombe, kupalasa timiyala ta pansi kuti matope achoke poikira mazira, kuswetsa mazira ndi kubwezera tiana ta trout mumtsinje. Mabwana ankabwera Loweruka. Iye anali pamadzi tsiku lililonse.

Poyang'ana tsiku ndi tsiku anaona kuti kamphutsi kakamasambira kamapinda miyendo n'kuiphatika ku thupi. Ndiye nyambo ya miyendo n'njachiyani? Anaonanso kuti masana a chilimwe nsomba zazikulu zimakhala pansi, ndipo nyambo yopepuka imadutsa pamwamba pawo isanamire. Anatenga waya wopyapyala wa kopa, wofiira, uja amakulunga m'madayinamo ndi m'timamota ta magetsi. Aphwanga, ndi waya yemwe uja timafumula m'koyilo yopsa n'kutaya kuseri kwa shedi. Anakulunga wayayo pa mbedza, n'kuwonjezera timitsitsi tochepa ta nthenga ya kumchira kwa pheasant, mbalame yonga nkhwali koma ya mchira wautali. Ulusi sanagwiritse n'komwe. Waya yemweyo ndiye womangira, ndiye kulemera, ndiyenso mtundu.

Nyambo imeneyi ndi Pheasant Tail Nymph. Imaboola madzi msanga n'kufika pamene pali nsomba. Ikayandikira, msodzi amakweza ndodo pang'ono kuti ioneke ngati kamphutsi kakuthawira kumwamba, ndipo trout imalephera kupirira. Kuluma kwake sikumveka m'dzanja. Umaona kukamwa kwayera n'kutsekeka, kapena kaulusi kaima pang'ono, ukachedwa yalavula. Skues ali nkhalamba analemberana naye makalata n'kumulimbikitsa kuti alembe zimene akudziwa. Sawyer anatulutsa Keeper of the Stream mu 1952 ndi Nymphs and the Trout mu 1958. Anamwalira mu 1980 m'mbali mwa mtsinje womwewo. Nyambo zambiri za Halford, za mayina ataliatali, zinatsalira m'mabuku. Ya mlonda uja ikugulitsidwa pa dziko lonse mpaka lero.

*Mmene inafikira ku Zomba*

Angerezi ataikonda chonchi, kulikonse kumene ankapita kukalamulira ankafuna trout iwatsate. Vuto linali kudutsa nyanja zotentha. Mu Januwale 1864 sitima yotchedwa Norfolk inanyamuka ku London ndi mazira a salmon pafupifupi 100,000 ndi a trout pafupifupi 3,000, ena mwa iwo ochokera mu Itchen momwemo. James Youl, amene anakonza ulendowu, anawaika m'timabokosi ta ndere zonyowa n'kukwirira ndi ayezi, chifukwa kuzizira kumachedwetsa dzira kuswa. Patatha masiku 84 inafika ku Melbourne, mazira n'kupitirira ku Tasmania, ndipo mu Meyi anaswa pa mtsinje wa Plenty. Salmon, imene inali cholinga chenicheni, sinakhazikike. Trout ndi imene inagwira, ndipo zidzukulu zake zinapita ku New Zealand.

Ku Africa njira inali yomweyo ya mazira ndi ayezi: Natal mu 1890, Kenya mu 1905, kwathu kuno mu 1906. Imene inabwera kuno ndi mtundu wina, rainbow trout, ya mzere wofiirira m'mbali, kwawo kwenikweni ndi kumadzulo kwa North America. Zomba ndiye inali likulu la boma la atsamunda, ndipo pamwamba pa phiri, mu Mulunguzi, madzi ndi ozizira mokwanira. Pambuyo pake inaikidwanso m'mitsinje ya pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika, kumene kuli madamu a Chelinda. Sanaibweretsere ndiwo za anthu a m'midzi, anaibweretsera masewera a mabwana a m'maofesi. Komabe mbiri ya ulimi wa nsomba m'dziko muno imayambira pa chaka chimenecho.

Tinenenso kuipa kwake. Ku New Zealand ndi ku South Africa trout inadya ndi kupirikitsa tinsomba ta komweko m'mitsinje yambiri. Anthu amene ankadziwa mwendo uliwonse wa kachilombo ka mu Test sanafunse kuti m'mitsinje ya eni ake munali kale chiyani. Kumeneko sanayang'ane, anangothira.

*Nanga ife?*

Ndisakunamizeni kuti tonse tigule ndodo za nthenga. Anthu aja ankasewera, ife tikusaka ufa ndi fizi, ndipo trout imodzi pa tsiku singalipire alovi. Sindikusiriranso mtsinje wa mpanda umene mwana wa m'mudzi amamangidwa akagwira nsomba. Ngakhale mitsinje yawo ya chokoyo lero ikulira, madzi akupopedwa kupita m'matauni, zonyansa zikulowamo.

Chimene ndatolapo ine ndi ichi. Nthawi iliyonse imene luso linapita patsogolo, panali munthu amene anadekha n'kuyang'ana: wa ku Macedonia ndi kachilombo kofota, Ronalds m'kakhumbi, Skues ndi kasipuni, Sawyer ndi miyendo ya kamphutsi. Nthawi iliyonse imene zinasokonekera, anthu anali atasiya kuyang'ana n'kuyamba kudalira udindo wawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo woyang'anitsitsa uja mapeto ake amasanduka wosamala, chifukwa wadziwa pamene nsomba imaikira mazira ndi chimene ana ake amadya.

Ifenso tili ndi nsomba yokwera mitsinje. Mpasa imapezeka m'nyanja yathu yokha ndi mitsinje yake, kwina kulikonse pa dziko kulibe. Imachoka m'nyanja kukwera Bua, North Rukuru ndi mitsinje ina kukaikira mazira pa timiyala toyera, monga momwe trout imachitira. Tikatchinga pakamwa pa mtsinje ndi maukonde, siifika. Tikathira katupe m'maiwe, timapha mayi ndi ana omwe. Tikalima mpaka m'mphepete ndi kudula mitengo kumtunda, matope amakwirira timiyala tija, mazira n'kubanika. Bua ikupumako chifukwa mbali ina imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Funsani madala za ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inkadzaza mabwato. Ana a lero ambiri sanaionepo.

Alonda a madzi si a ku England okha. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amathamangirako chaka ndi chaka akatsegula. Lamulo limenelo linachokera kwa anthu odziwa nyengo imene nsomba zimaswana, ndipo likugwirabe ntchito.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, silifuna ndalama. Mawa mukamatumbula ncheni, kampango kapena mpasa, musanataye matumbo ng'ambani chifu muone zimene yadya. Onani ngati ili ndi mazira. Lembani m'foni mwezi, dooko ndi mphepo ya tsikulo. Afunseni agogo anu kuti kale mwezi ngati uno ankapeza zotani, ndipo pakamwa pa mtsinje uti sankaponyapo ukonde. Zimene mupeze nditumizireni, tiziphatikize, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Mukamaliza kuwerenga, patsiraninso anzanu a dooko lina.